Akapitawo anabwerako ku maphunziro ali ndi moto, koma pasanathe miyezi iwiri zonse zinazilala. Tinalakwitsa pati?

NaPhiri, Chipata

Ndikupatsani moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndimayang'anira kampani yaing'ono kuno ku Chipata imene imagula nshawa ndi mpendadzuwa kwa alimi a ku Chadiza, Katete ndi Chipangali, n'kumapanga chiponde ndi mafuta ophikira. Tili ndi antchito okhazikika 26, ndipo nthawi yogula mbewu ikafika, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, timawonjezera amayi aganyu osankha nshawa.

Chaka chatha ndinachonderera eni kampani mpaka anavomera kutumiza akapitawo athu atatu ku Lusaka kukachita maphunziro a utsogoleri a masiku asanu. Ndalama zimene zinapita pa basi, pa malo ogona, pa chakudya ndi pa malipiro a maphunzirowo zinali zambiri kwa kampani ya msinkhu wathu. Anabwerako ali osangalala, aliyense ndi satifiketi ndi fayilo yodzaza mapepala. Anayambitsa msonkhano wa Lolemba lililonse m'mawa, anamata mapepala akuluakulu pakhoma olembedwa zolinga za mwezi, ndipo anakhomera bokosi la maganizo pafupi ndi sikelo. Masabata atatu oyamba zinthu zinayendadi. Kenako malole a nshawa anayamba kufika m'mamawa, msonkhano unafupikitsidwa, magetsi anayamba kuzima masana kotero kuti ntchito yokazinga tinaisamutsira usiku, ndipo pofika sabata lachisanu ndi chiwiri panalibenso amene ankautchula msonkhanowo. Mapepala aja adakali pakhoma, ofiira ndi fumbi. Bokosi titalitsegula tinapezamo timapepala titatu tokha, tiwiri todandaula za malipiro a maola owonjezera ndi kamodzi kopempha sopo.

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Mu Julayi tinataya matumba 40 a nshawa chifukwa cha chuku. Anagulidwa asanaume bwino, tinawaunjika pansi pa ena, ndipo pamene tinkawatsegula fungo lokha linatiuza kuti sangalowe m'chiponde, pakuti aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuopsa kwa poizoni wa aflatoxin amene amachokera ku chuku. Pofufuza ndinapeza kuti mayi wina wachikulire mwa osankha nshawa anadziwa tsiku lomwe matumbawo ankatsitsidwa. Iye amalowetsa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, amatulutsa nshawa zapakati, amazigwedeza pafupi ndi khutu, kenako amaluma imodzi, ndipo ikapanda kulira pothyoka amadziwa kuti ili ndi chinyezi. Nditamufunsa chifukwa chake sananene, anayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Amayi, sindinafune kuoneka ngati ndikuphunzitsa akuluakulu ntchito yawo."

Mawu amenewa sakundichoka m'mutu. Tinapita kukagula nzeru pa mtunda wa makilomita oposa 550, pamene nzeru imene ikanapulumutsa matumba 40 inali itakhala pamkeka pakhomo pathu pomwe. Ndiye ndikupempha amene munadutsamo kale mundithandize pa zinthu ziwiri. Maphunziro a oyang'anira ntchito angakhalitse bwanji, kuti asamathere pa satifiketi? Nanga wantchito wamba angamasuke bwanji kunena zimene akuona ndi zimene akuganiza?

aBanda, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, Katete

ANaphiri, zikomo chifukwa chofotokoza nkhani yanu mosabisa. Ine sindinagwirepo ntchito m'fakitale, koma kwa zaka zambiri ndinkatumiza aphunzitsi ku misonkhano ya maphunziro, inenso ndinapitako kosawerengeka, ndipo zimene mwaonazo ndinaziona mobwerezabwereza.

Choyamba, musawaone akapitawo anu ngati anthu aulesi. Kuiwala ndi chibadwa cha mutu wa munthu. Ku koleji ya uphunzitsi tinaphunzira za Hermann Ebbinghaus, wa ku Germany, amene mu 1885 anafalitsa zotsatira za kuyesa kwake zosonyeza kuti zambiri zimene munthu wangoloweza zimatayika m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza patapita nthawi ndiko kumachedwetsa kuiwalako. Munthu amene wathiridwa mitu khumi ndi iwiri m'masiku asanu, n'kubwerera kumene malole akumudikira, sangasunge zonsezo ngakhale atakhala wanzeru chotani.

Pa zonse zimene ndinakumana nazo pantchito yanga, chimene chinasinthadi kaphunzitsidwe pasukulu pathu sichinachitikire ku hotela. Chinali chija Unduna wa Zamaphunziro unabweretsa mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA, chimene chinayambira m'chigawo cha Central mu 2005 n'kufalikira m'zigawo zina pambuyo pake, choti aphunzitsi aziphunzira pasukulu pawo pomwe poonerana phunziro. Aphunzitsi angapo amasankha mutu umodzi umene ana akuvutika nawo, mwachitsanzo kugawa manambala, amakonzera pamodzi phunziro limodzi, mmodzi amakaliphunzitsa m'kalasi lenileni anzake atakhala kumbuyo ndi makope, kenako amakhala pansi n'kukambirana zimene ana anachita, amalikonzanso, ndipo limaphunzitsidwanso kachiwiri. Ndimakumbukira mphunzitsi wina wachinyamata amene ankanjenjemera choko chili m'manja tsiku loyamba, koma pofika teremu yachitatu ndiye ankapempha yekha kuti anzake abwere adzamuonere. Chinsinsi chake chinali chakuti sitinkaweruza munthuyo, tinkaweruza phunziro limene tonse tinakonza, choncho likalephera tinalephera tonse.

Njira imeneyi inakhalitsa pa zifukwa zimene inunso mungazitengere. Inkagwira vuto limodzi pa nthawi imodzi, inkachitikira pamalo enieni a ntchito, ndipo inali ndi tsiku lake pa ndandanda ya teremu limene ine monga mphunzitsi wamkulu sindinkalola kuti lilandidwe ndi china chilichonse. Masukulu amene akuluakulu ake ankajomba pa tsikulo, njirayo inafa ngakhale kuti aphunzitsi ake analandira maphunziro ofanana ndi athu.

Apa ndikufunseni funso limodzi, ndipo mundikhululukire ngati likuwawa, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Tsiku loyamba limene msonkhano wa Lolemba unafupikitsidwa chifukwa cha lole, inu munali kuti, ndipo ndani analamula kuti anthu apite kukatsitsa katundu? Antchito samvera zolembedwa pakhoma, amayang'ana chimene bwana wamkulu amachiika patsogolo zinthu zikathina. Ngati inuyo simunapite nawo ku maphunzirowo, ndipo simunakhale nawo pansi atabwerako kuti mumve chimodzi chimene aliyense akufuna kusintha, ndiye kuti munthu anasintha koma malo amene anabwererako sanasinthe, ndipo malo ndiwo amapambana nthawi zonse.

Tembo, woyendetsa makina, Petauke

Amayi aNaphiri ndi abambo aBanda, ndine wamng'ono pakati panu, koma ndiloleni ndilankhuleko monga mmodzi wa amene mumafuna kuti tizipereka maganizo.

Ndisanabwere kuno ndinkagwira ntchito pa chigayo china chachikulu. Kawirikawiri sefa inkang'ambika chifukwa cha misomali ndi tiwaya tobwera m'matumba a chimanga, ndipo sefa ikang'ambika tinkaima theka la tsiku. Ndinachotsa maginito m'sipika yakale ya wailesi, ndinawamangirira pakamwa pa chigayo pamene chimanga chimatsikira, ndipo madzulo ndinapeza misomali isanu ndi kachidutswa ka lezala zitakakamira pamenepo. Ndinapita nazo m'manja kwa kapitawo ndili wokondwa. Iye anandifunsa pamaso pa anzanga ngati ndinalembedwa ntchito yoganiza, ndipo analamula kuti ndiwachotse. Patapita miyezi itatu anagula maginito akuluakulu n'kuwaika pamalo omwewo, ndipo eni chigayo anamuyamikira iye. Kuchokera tsiku limenelo sindinanenenso kanthu kufikira ndinachoka, ngakhale ndinkaona zambiri zofunika kukonza.

Ndikufuna mumvetse kuti kukhala chete kwa mayi uja si ulemu wokha ayi. Ndi kuwerengera. Munthu waganyu amadziwa kuti kuitanidwanso chaka chamawa kuli m'manja mwa kapitawo, ndipo matumba onyowawo anagulidwa ndi munthu wina amene ali ndi dzina, mwinanso ndi mnzake wa kapitawoyo. Akanena, iye sapindula kanthu, koma akhoza kutaya ganyu imene imalipirira mayunifolomu a adzukulu ake. Aliyense pamalo ake akanatseka pakamwa.

Bokosi silingathandize. Ambiri a ife timachita manyazi kulemba, poganiza kuti pafunika Chingelezi, ndipo pa anthu 26 kalembedwe ka dzanja la aliyense kamadziwika. Chimene chikanandimasula ine ndi chakuti bwana wamkulu abwere yekha pamakina, osati kundiitanira mu ofesi, andifunse m'chilankhulo chathu chimene chimandivutitsa kwambiri pantchito, alembe dzina langa pambali pa ganizo langa, ndipo andiyankhe pasanathe sabata, ngakhale yankho likhale lakuti ayi, bola anene chifukwa chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ngati chitsekocho ali nacho kiyi ndi munthu wina, amangokhala n'kupirira.

aZulu, amisiri a zamakina, Chipata

Ndikugwirizana ndi aBanda kuti maphunziro okhalitsa amachitikira pantchito pomwe, koma sindikufuna aNaphiri achoke pano akuganiza kuti maphunziro okonzedwa ndi akatswiri ndi opanda pake. Vuto ndi kaumbidwe kake. Ndipereke chitsanzo chimene ine chinanditsegula maso.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1940 mpaka 1945, boma la United States linakumana ndi vuto lofanana ndi lanu koma lalikulu kwambiri. Amisiri ambiri anapita kunkhondo, mafakitale anadzaza anthu atsopano, ndipo amene anakwezedwa kukhala akapitawo anali asanaphunzitsepo munthu. Anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Training Within Industry. Maphunziro ake aliwonse anali a maola khumi okha, ogawidwa m'magawo asanu a maola awiriawiri, kwa kagulu ka anthu pafupifupi khumi, ndipo kapitawo aliyense ankayenera kubweretsa ntchito yeniyeni ya pamalo pake kuti ayeserepo pamaso pa anzake. Pakati pa gawo ndi gawo ankabwerera kuntchito. Ankaphunzitsa zinthu zitatu zokha, kaphunzitsidwe ka ntchito kwa munthu watsopano, kakonzedwe ka njira yogwirira ntchito, ndi kakhalidwe ndi antchito. Njira yophunzitsira inali ndi masitepe anayi olembedwa pa kakhadi kolowa m'thumba la malaya: mukonzekeretse wophunzirayo, muonetse ntchitoyo, mulole aiyese yekha akufotokoza zimene akuchita, kenako muzimuyendera kufikira atazolowera. Nkhondo itatha ndondomekoyi inapita ku Japan, ndipo kampani ya Toyota inaitenga n'kuisunga kwa zaka zambiri. Toyota yomweyo inayambitsa dongosolo lolandira maganizo a antchito mu 1951.

Taonani kusiyana kwake ndi zimene munachita. Akapitawo anu analandira mitu yambiri nthawi imodzi, kutali ndi sikelo ndi ng'anjo yokazingira, ndipo sanapite ndi vuto lililonse la kwanu. Mukadzatumizanso munthu, musanalipire ngwee imodzi gwirizanani naye vuto limodzi limene akalibweretsere yankho, monga kulandira nshawa zonyowa, ndipo muike pa kalendala masiku atatu odzaonera pamodzi zotsatira, pakatha mwezi umodzi, miyezi iwiri ndi miyezi itatu. Muyeso wake usakhale wakuti anasangalala ndi maphunziro, ukhale chiwerengero cha matumba otayika.

Simuyeneranso kupita kutali nthawi zonse. Kuno kwathu kuli Kaizen Institute of Zambia, imene inakhazikitsidwa mothandizidwa ndi JICA, ndipo njira imene amaphunzitsa ndi yakuti timagulu ta antchito tizikonza tinthu tating'ono mosalekeza pogwiritsa ntchito zimene zilipo kale. Komanso kuyambira mu Januwale 2017 olemba anthu ntchito ambiri amapereka ku ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho, msonkho wotukula maluso, umene ndi 0.5 peresenti ya malipiro onse a antchito, ndipo zina mwa ndalamazo zimadutsira ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a maluso a ntchito, kuthandizira maphunziro a anthu amene ali kale pantchito. Funsani wowerengera ndalama wanu ngati mumapereka msonkhowu, ndipo ngati mumapereka, pitani mukafunse momwe kampani imapemphera thandizolo.

Pa za Tembo, ndikumva chisoni chifukwa zoterozo ndaziona, ndipo ndi zimene zimapha luso m'mafakitale athu. Ndiwonjezere chimodzi chokha. Ganizo silikula ndi mawu oyamikira okha, limafuna kandalama ndi chilolezo choyesera. Kumene ndikugwira ntchito tsopano, kagulu kalikonse kamaloledwa kugwiritsa ntchito ndalama zosapitirira K500 pa mwezi poyesera ganizo, popanda kudikira siginecha ya ku ofesi, ndipo likalephera palibe amene amadulidwa malipiro. Zambiri zimene zatuluka mmenemo ndi zazing'ono, monga thabwa lokhomedwa misomali lopachikapo masipanala, lililonse pa chithunzi chake chojambulidwa ndi penti, kotero kuti losowa limadziwika munthu asanaweruke. Koma ndimatsutsa zopereka mphoto yaikulu ya ndalama kwa munthu mmodzi, chifukwa ndinaona anthu akuyamba kubisirana maganizo, ndipo kapitawo amakhala ndi chifukwa chinanso cholanda ganizo la wamng'ono. Dzina la mwini ganizo litchulidwe pagulu, koma mphoto ikhale ya kagulu konse.

NaMbewe, namwino, Lundazi

ANaphiri, nkhani ya mayi wosankha nshawayo yandikhudza chifukwa m'zipatala timakumana ndi zomwezo, ndipo kwathu mtengo wa kukhala chete ndi moyo wa munthu. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Harvard ku United States, Amy Edmondson, atafufuza magulu a anamwino m'zaka za m'ma 1990, anapeza chinthu chimene iye mwini sanachiyembekezere. Magulu okhala ndi utsogoleri wabwino ndiwo ankalemba zolakwa zambiri pa kaperekedwe ka mankhwala, osati chifukwa chakuti ankalakwitsa kuposa anzawo, koma chifukwa chakuti sankaopa kunena. Kumene mkulu anali waukali, zolakwa zinkachitika koma sizinkaoneka pa pepala.

Ine nditapatsidwa wodi yoyang'anira, namwino wina wongoyamba kumene anabwera usiku maso ali ofiira kudzandiuza kuti anachedwetsa jakisoni wa wodwala ndi maola awiri. Mtima wanga unafuna kukalipa. Ndinadziletsa, tinapita limodzi kukaona wodwalayo, ndipo m'mawa mwake ndinamuthokoza pamaso pa anzake chifukwa chonena msanga, kenako tinafufuza tonse chimene chinachititsa, n'kupeza kuti nthawi za mankhwala zinkalembedwa m'mabuku awiri osiyana. Kuchokera pamenepo ena anayamba kubwera okha. Choncho musadabwe ngati mukayamba zimenezi mudzamva mavuto ambiri kuposa kale, chifukwa analipo nthawi yonseyi. Onse adzakhala akuyang'ana zimene zidzamuchitikire munthu woyamba kubweretsa uthenga woipa, makamaka ngati uthengawo ukukhudza wina wamkulu kwa iye.

Pempho langa ndi lakuti mayi uja musangomuthokoza. Mpatseni ntchitoyo poyera, kuti thumba lisakwere pa sikelo iye asanaliyese, pakuti munthu amene waikidwa pa udindo ndi bwana sangaonekenso ngati akudzikweza akalankhula.

NaPhiri, Chipata

Zikomo kwambiri nonse. ABanda, funso lanu ndalisinkhasinkha usiku wonse, ndipo yankho lake ndi lakuti ndine ndinalowa mu msonkhano uja n'kuuza anthu kuti lole likudikira, zotsala tidzakambirana sabata yamawa. Sabata yamawayo ndinali kubanki. Akapitawo atabwerako ku Lusaka ndinangolandira malisiti ndi lipoti, sindinakhale nawo pansi ngakhale ola limodzi.

Tembo, mwana wanga, mawu ako andionetsa chimene sindinkafuna kuona. Amene anagula matumba onyowa aja ndi mlamu wa mmodzi wa akapitawo, ndipo aliyense pakampani ankadziwa zimenezi kupatula kuti ine sindinazilumikize ndi kukhala chete kwa mayiyo.

Dzulo ndachotsa bokosi lija. Ndalankhula ndi mayi wachikulireyo ndipo wavomera kukhala pa sikelo nyengo ikubwerayi, ndi malipiro owonjezera, komanso ndamupempha kuti aphunzitse amayi ena awiri kayesedwe kake, potsatira masitepe anayi amene aZulu afotokoza. Ndalembera eni kampani kupempha kachipangizo koyezera chinyezi, kuti dzanja lake ndi makina zizichitirana umboni, mlimi akakanidwa asamati ndi nkhanza za munthu mmodzi. Msonkhano tauchepetsa kukhala wa mphindi 15, tidzauchitira pafupi ndi ng'anjo tili chiimire, ndipo ndauza mlonda wa pageti kuti Lolemba lole lililonse lizidikira panja mpaka titamaliza, ngakhale nditalamula ine mwini kuti lilowe.

Chimene sindinachipezere njira ndi kapitawo uja. Ndi wolimbikira ntchito, wakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akadzaona kuti mayi waganyu wapatsidwa mphamvu yokana katundu wa mlamu wake, adzamva ngati ndamuvula ulemu pamaso pa anthu. Sindikufuna kumutaya, komanso sindikufuna kuti mkwiyo wake ukagwere mayiyo ine kulibe. ABanda, inu munakhalapo ndi aphunzitsi akale amene ankaona njira zatsopano ngati chipongwe kwa iwo. Munkayamba bwanji kukambirana nawo, ndipo kodi ndi bwino ndimuitane yekha poyamba, kapena ndiwauze akapitawo onse atatu pamodzi?